Chaka Chomwe Tinasiya Kuitana Manambala

Chaka changa choyamba, ku Golomoti

Ana anga, mutu uno ndauzengereza nthawi yaitali. Ndikangoti ndigwire cholembera, ndimachiikanso pansi. Mukundidziwa mayi wanu, ndine wamantha chibadwire, basi ikachedwa pang'ono ndimakhala nditaiona kale ili m'ngalande. Komabe ndilemba, chifukwa mwakhala mukundifunsa kuti zinatheka bwanji kuti ndipume ntchito ndili mphunzitsi wamba pomwe ndinakhalapo hedi, ine n'kumangokuyankhani kuti ndi mmene ntchito ya boma imakhalira. Si mmene zinalili.

Nditamaliza maphunziro a uphunzitsi ananditumiza pa sukulu ina kumunsi kwa Golomoti, ulendo wa ola lathunthu pa njinga kuchokera pamsika. Ine wokulira kumtunda kozizira, kutentha kwa kuchigwa kunandisambitsa thukuta mpaka ndinaonda. Ahedi athu, a Matewere, ankasunga choko m'thumba la jekete, ndipo ukapita kukapempha ankayamba akufunsa komwe wapititsa cha dzulo. Mabuku anali ochepa, ana ankalembera pamaondo. Koma panali chinthu chimodzi chomwe sichinkasowa, mayeso otsekera teremu. Tinkalemba mafunso pabolodi, ana n'kuyankha, ife n'kuchonga, n'kuphatikiza malikisi, kenako n'kuwandandalika anawo kuyambira woyamba mpaka wotsiriza.

Tsiku lotsekera makolo ankabwera atatchena, n'kukhala pansi pa mtengo wa bwemba. A Matewere ankaimirira ndi pepala, n'kutsokomola kaye kuti anthu mitima ikwere, kenako n'kuyamba kuitana: nambala wani, nambala thuu, nambala firii. Mayi wa mwana wotchulidwa ankalumpha ndi nthungululu, kumuveka mwana chitenje, kumupatsa mzimbe kapena mandasi. Akafika pomwe okhoza athera, ankapinda pepala n'kunena kuti amene sanamve dzina lake adziwe yekha. Apo ana onse ankakuwiza anzawo olephera, ndipo ine ndinkaona timitu tikulowa m'munda wa thonje kuseri kwa kalasi. Ena mwa iwo teremu yotsatira sankabweranso. Zinkandipweteka, koma sindinkatsutsa, chifukwa nanenso agogo anu anandisiya pa sukulu chifukwa cha nambala yomweyo. Sankadziwa kuwerenga, koma wani ankamudziwa.

Chaka chomwe ndinakhala hedi, kunyanja kwa Mtakataka

Patapita zaka zambiri, inu mutabadwa kale nonse, anandikweza kukhala hedi wa sukulu ina pafupi ndi madoko a asodzi kumunsi kwa Mtakataka. Sindinakhalitse pampandopo pamene anatiitana ahedi tonse a m'dera lathu ku maphunziro a masiku atatu. Wotiphunzitsa anali mlangizi wathu wa maphunziro, a Mlongoti, bambo wamfupi wokonda ntchito yake, woyenda pa njinga yamoto ngakhale m'matope. Anatiuza kuti kayesedwe ka ana kasintha. Mwana asamayesedwenso tsiku limodzi lokha kumapeto, koma pang'onopang'ono teremu yonse. Mphunzitsi akaphunzitsa chinthu, aone mwana aliyense ngati wachigwira, n'kulemba m'kaundula kuti uyu akutha bwino, uyu akuyesera, uyu akufunika thandizo. Pa lipoti tizilemba zomwe mwana akutha ndi zomwe zikumuvuta. Za kundandalika ana ndi kuitana manambala pansi pa mtengo, anati m'dera lawo zithe, ndipo hedi amene adzapezeke akuchita zimenezo adzakhala atadzichotsa yekha paudindo.

Kunena zoona, mtima wanga unagwirizana nazo. Ndinakumbukira timitu tija tolowa m'thonje. Koma mutu wanga wodandaulawu unali utathamangira kale ku makalasi athu, momwe ana ankakhala mothinana mpaka pakhomo, ena akusuzumira pawindo. Ndinakweza dzanja n'kufunsa kuti mphunzitsi mmodzi adzatha bwanji kuona mwana aliyense payekhapayekha, nanga mapepala a kaundulayo achokera kuti. A Mlongoti anaseka n'kunena kuti mayi Phiri nthawi zonse amaona mvula kumwamba kulibe mtambo. Anzanga anaseka nawo, ine ndinatsitsa dzanja. Titabwerera tinasoka makaundula athu ndi singano, ena a mapepala a matumba a simenti, ena a kuseri kwa makalendala akale.

Kutsekera kwa teremu yoyamba

Kunali kotentha koopsa, mvula yoyamba itangodontha n'kuleka. Makolo anabwera monga mwa nthawi zonse, mizimbe ili m'manja. Ndinaimirira n'kufotokoza za njira yatsopanoyo mmene ndikanathera. Aphunzitsi anagawa malipoti mwakachetechete. Panalibe nthungululu, panalibenso wokuwizidwa. Amayi ankatembenuza mapepalawo uku ndi uku kufunafuna pomwe pali nambala, ndipo agogo ena anandifunsa ngati mwambo wayamba kale kapena tikudikira alendo. Anthu anabalalika akung'ung'udza, mizimbe anabwerera nayo.

Mmodzi yekha sanachoke. Anali Che Jafali, msodzi wamtali wosalankhulalankhula, bambo wake wa Asiyatu wa mu Sitandade 7. Asiyatu anali mtsikana wochepa thupi, wamanyazi, koma pa masamu ankawasiya anyamata kukamwa yasa. Mayi ake anamwalira ali mu Sitandade 4. Che Jafali anandipeza mu ofesi, anavula chisoti, n'kutulutsa m'chitini cha mkaka malipoti onse a mwana wawo kuyambira Sitandade 1, opindidwa bwinobwino. Anawayala patebulo langa n'kumaloza ndi chala pamene panali nambala: wani, thuu, wani, firii, wani. Kenako anaika lipoti latsopanolo pambali pake n'kundiyang'ana.

Anandifotokozera modekha kuti achemwali awo a ku Salima, ogulitsa nsomba, akhala akumufuna Asiyatu kuyambira pa maliro a mayi ake, kuti azikawathandiza pa malonda mpaka adzapeze banja. Iwo anakana, koma anapangana nawo pamaso pa abale kuti mwanayo akhala pa sukulu malinga ngati sakutsika kupitirira nambala firii. Tsiku lomwe adzatsike, adzapita naye okha ku Salima. Ndinayesa kuwawerengera zomwe zinalembedwa pa lipotilo, koma anagwedeza mutu.

"Ahedi, ine usipa ndimayeza ndi ndowa, wogula amaona, ine ndimaona. Mwana wangayu mwamuyeza ndi chiyani? Ndikawauza chiyani achemwali anga?"

Ndinati nambala ndiye palibe, lamulo latiletsa. Anasonkhanitsa mapepala awo, n'kunena kuti sukulu ikadzatsegulira adzafuna kumva kwa ine, apo ayi adzaona chochita. Mawu akuti adzaona chochitawo ndi amene anandidwalitsa. Sindinawafunse kuti akutanthauza chiyani. Ndinadziyankha ndekha, ndipo monga mwa chizolowezi changa ndinadziyankha zoipa zokhazokha.

Tchuthi cha Khirisimasi

Inu mukukumbukira Khirisimasi ija yomwe ndinapsereza mpunga kawiri, abambo anu n'kumandifunsa ngati ndamva uthenga wa maliro. M'maganizo ndinkangoona Asiyatu ali pa minibasi ya ku Salima, kachikwama kali pamiyendo. Sabata yomweyo ndinakwera kabaza mpaka kunyumba kwa a Mlongoti kukapempha kuti andilole kupereka nambala kwa mwana mmodzi yekhayu. Anandilandira bwino, anandimvetsera mpaka kumapeto, koma anakana. Anati ndikapatsa mmodzi, mawa makolo onse adzakhala ali pakhomo panga, ndipo chaka chisanathe tidzakhala tabwerera pansi pa mtengo paja. Anandifunsa ngati ndinawerengapo ana omwe nambala yotsiriza inawathamangitsa pa sukulu, kapena ndimangowerenga omwe nambala wani inawasunga. Ankanena zoona. Anandilangiza kuti nditenge kaundula wa kalasilo ndikawaonetse bambowo tsamba ndi tsamba momwe mwana wawo wayendera.

Ndinabwerera ndi mtima wopepuka pang'ono, n'kukatsegula ofesi tsiku lomwelo kuti ndione kaundula wa Sitandade 7. Ana anga, nditatsegula kaundulayo ndinapeza izi. Kuyambira mwana woyamba mpaka wotsiriza, sabata ndi sabata, phunziro lililonse, munalembedwa mawu amodzi okhaokha: akuyesera. Asiyatu akuyesera. Mnyamata wina amene anasiya sukulu pakati pa teremu n'kupita kukapalasa bwato, nayenso ankayesera mpaka sabata yotsekera. Inki yake inali imodzi, kusonyeza kuti zonsezo zinalembedwa nthawi imodzi. Ndipo pansi pa tsamba lililonse panali siginecha yanga, poti ndinkasaina mothamanga osawerenga.

Ndinaitanitsa mphunzitsi wa kalasilo, a Zuze, bambo wachikulire amene anayamba ntchito ine ndisanayambe. Sanakane. Anati anayesa sabata ziwiri zoyambirira kuitana mwana mmodzimmodzi, koma pofika pakati pa mzere, ena onse anali atasandutsa kalasi msika, ndipo tsiku linkatha osaphunzitsa kanthu. Nsomba zikagwidwa zambiri, theka la kalasi linkakhala ku thandala kukayanika usipa, ndiye woti amuyese ankakhala palibe. Atamva kuti a Mlongoti akubwera kudzayendera, anakhala pansi Loweruka lina n'kudzaza mabokosi onse. Anasankha mawu apakatiwo kuti asalakwire munthu. Ndinafuna kuwakalipira, koma ndinadziwa kuti ndikatsegula makaundula a makalasi ena ndipeza zomwezo, ndiye sindinawatsegule.

Apa ndiye mantha anandigwira zenizeni. Ndinalibe nambala yopatsa Che Jafali, ndinalibenso kaundula woti n'kuwaonetsa. Ndikanapita nalo bukulo, n'kuwawerengera kuti mwana wawo akungoyesera, kunali kumukweza ndekha minibasi ija.

Sabata yotsegulira

Ndinapanga chosankha changa ndekha, osauza ngakhale abambo anu. Ndinauza a Zuze kuti Sitandade 7 ilemba mayeso akale aja, masamu, Chingerezi ndi Chichewa, ndipo tiwandandalika. Mwana mmodzi sangakhale ndi nambala payekha, ndiye kunali kofunika kuti kalasi lonse lilembe. Anawo tinawauza kuti asakanene kunyumba, ngati kuti mwana wa Sitandade 7 angasunge nkhani yotero mpaka madzulo. Ndinali ndi chikhulupiriro chonse kuti Asiyatu atuluka wani kapena thuu, ine n'kukawanong'oneza bambo ake, nkhani n'kuthera pomwepo. Tsiku lonse la mayesolo khutu langa linali kumsewu, njinga yamoto iliyonse yodutsa ndinkati ndi a Mlongoti.

A Zuze anachonga masamu ndi Chingerezi, ine ndinatenga Chichewa. Munali chimangirizo cha mutu wakuti ntchito yomwe ndimagwira kunyumba. Asiyatu analemba za kuyanika usipa: momwe amautembenuzira kuti usamatirire pa thandala, momwe amadziwira ndi fungo lokha kuti mvula ikubwera ndipo ayambe kuwola. Chinali chimangirizo chokoma kuposa zonse, ndinachiwerenga kawiri. Koma anasakanizamo mawu angapo a Chiyao, chilankhulo cha kunyumba kwawo, ndipo malamulo a kachongedwe akale ankati pa zotero tizichotsa malikisi. Ndinagwira cholembera chofiira nthawi yaitali. Ndinaopa kuti a Zuze adzati ndikukondera, poti ankadziwa chomwe ndinayambitsira mayesowa. Ndinachotsa malikisi awiri, ndikudziuza kuti mwana ngati ameneyu awiri sangamugwetse.

Titaphatikiza zonse, ndinapempha a Zuze kuti aphatikizenso. Anaphatikizanso, ine ndinaphatikiza kachitatu. Asiyatu anali nambala folo. Tchuthi chonse anathera ku thandala osagwira buku, ndipo Chingerezi chinamutsitsa. Nambala firii anali mnyamata wina dzina lake Petulo, amene anamuposa ndi malikisi awiri. Akanafanana, onse awiri akanakhala nambala firii, poti ndi mmene tinkachitira.

A Zuze anatseka chitseko n'kundiuza motsitsa mawu kuti, "Ahedi, pepala lija lili m'manja mwanu, cholemberanso chili m'manja mwanu. Ine sindinaone kanthu."

Sindinasinthe. Zaka zonsezi ndakhala ndikudzifunsa ngati chinali chilungamo kapena mantha omwe aja. Ndinadziuza kuti ndaphwanya kale lamulo limodzi, ndisawonjezerepo bodza. Ndinadziuzanso kuti Che Jafali ndi munthu womva, ndikawafotokozera kuti kusiyana kwake ndi malikisi awiri okha, amvetsa. Koma pansi pa zonsezo ndinkaopa kuti tsiku lina pepalalo lidzafika m'manja mwa a Mlongoti, n'kuona pomwe ndafufuta.

M'mawa mwake ndinapita kwawo ndisanalowe mu ofesi. Ndinawapeza pansi pa mtengo wa mango akusoka ukonde. Anandipatsa mpando, tinalonjerana, ine n'kuyamba kuzungulira: za chimangirizo chokoma, za masamu omwe anaposa onse, za tchuthi chomwe sanawerenge. Anandisiya ndilankhule mpaka malovu anandiuma, kenako anafunsa nambala. Ndinawauza. Anawerenga zala zawo, chimodzi, ziwiri, zitatu, n'kuima pa chachinayi. Nkhope yawo inali ya munthu wachisoni, osati wokwiya.

"Ahedi, tsiku lija mutandikaniza nambala, ndinatumiza mawu kwa achemwali anga kuti adikire. Ndinati sukulu yasiya kupereka manambala, ndiye sindingachotse mwana popanda umboni. Ndinati ndimusiye mpaka alembe mayeso a Sitandade 8, inshaalla. Ndicho ndinaona kuti ndichite." Anabweza singano mu ukonde. "Koma lero mwabwera nayo nokha. Ndamva ndi makutu anga. Ndinalonjeza pamaso pa abale, sindingakhale ngati sindinamve."

Ndinagwada pansi, ine hedi wathunthu, ndi diresi langa la kuntchito. Ndinawapempha kuti aiwale, ndinati mayesowo sanali ovomerezeka, ndinati kusiyana kwake ndi malikisi awiri okha, ndi ine ndinawachotsa ndipo ndikhoza kuwabwezera pomwepo. Anandiyankha kuti ndikawabwezera lero chifukwa chowamvera chisoni, ndiye kuti manambala onse a m'chitini aja nawonso ayamba kuwakayikira. Anandidzutsa mwaulemu n'kundiperekeza mpaka panjira. Asiyatu anali kuseri kwa nyumba atavala kale yunifolomu, ndipo sindinathe kumuyang'ana. Anapita ku Salima Lachisanu la sabata yomweyo.

Zotsatira zake zinabwera msanga. Mayi wa mwana yemwe anakhala nambala wani anakaimba nthungululu kuchigayo, ndipo pasanathe sabata makolo a makalasi ena anali pakhomo pa ofesi kufuna manambala awo, ndendende mmene a Mlongoti ananenera. A Mlongotiwo atabwera sanakweze mawu. Anatsegula makaundula onse omwe ine ndinaopa kutsegula, anawerenga, n'kundifunsa ngati siginechayo inali yanga. Teremu isanathe ndinalandira kalata yondichotsa pa uhedi ndi kunditumiza pa sukulu ina cha ku Mua ngati mphunzitsi wamba. Sindinadandaule kwa aliyense. Kumeneko anandipatsa kalasi laling'onoko, ndipo kwa zaka zomwe zinatsala ndinadzaza kaundula wanga moona, mwana mmodzimmodzi, ngakhale zinkanditengera mpaka dzuwa kupendeka. Njirayo ndinaiona ubwino wake ndi maso anga. A Mlongoti titakumananso atapuma ntchito, anandiuza kuti funso langa la mapepala ndi kuchuluka kwa ana lija akanaliyankha m'malo moseka. Ndinawathokoza, koma silinali funso lomwe linkandisowetsa mtendere.

Chaka chatha, pamsika wa Golomoti

Ndinapita kukagula ndiwo tsiku la msika. Pa mzere wa nsomba mayi wina wobereka mwana anandiyang'anitsitsa, n'kuimirira, n'kupukuta manja pa chitenje. Anati, "Madamu Phiri, mwandiiwala?" Ndinali ndisanamuiwale ngakhale tsiku limodzi, kungoti ndinkamukumbukira ali mu yunifolomu.

Anandilonjera mwansangala, n'kundiuza kuti anakwatiwa ku Salima, ali ndi ana atatu, ndipo amazungulira misika ya m'mbali mwa msewuwu ndi usipa. Bambo ake anamwalira, chitini cha malipoti chija chili ndi iye. Ndinkadikira kuti andinene, ndipo mwina zikanandipepukira akanatero, koma ankangofunsa za aphunzitsi ena ndi za inu. Ndinagula usipa wa mbale imodzi kuti manja anga apeze chochita. Akuthira m'jumbo anafunsa osandiyang'ana.

"Madamu, pali chinthu chimodzi chomwe bambo sanandiuze. Petulo uja anandiposa ndi malikisi angati?"

"Awiri," ndinatero. "Ndipo ndinachotsa ndine, pa chimangirizo chako."

Anaima pang'ono, mbale ili m'manja. Kenako anagwedeza mutu, n'kunena kuti chimangirizo chija amachikumbukira, chinali cha usipa. Anatapa wina dzanja lodzaza n'kundiwonjezera m'jumbomo, monga amachitira ndi wogula aliyense, n'kumanga bwinobwino. Ndinayenda mpaka pokwerera minibasi misozi ikutsika, anthu akundiyang'ana, jumbo ili m'manja. Usipa umenewo ndinakapatsa aneba, ine sindikanatha kuudya.